Kadontho ka Pinki pa Mazira a Mama

Moni nonse owerenga! Ndine Basmala, zaka 17, kwathu ndi kumudzi kufupi ndi Beni Suef. Ndikuuzirenitu kuti ine ndimaseka paliponse. Ndinasekapo pamaliro a agogo a mnzanga chifukwa mpando wapulasitiki unathyoka ashehe ali pomwepo, miyendo m'mwamba kkkkk. Ndiye mukaona ndikuseka m'nkhani ino musaganize kuti sizikundiwawa. Zikuwawa. Kungoti pakamwa pangapa sipamva.

Nkhani yake ndi ya mazira. Awiri okha patsiku. Chifukwa cha mazira amenewo ndinawanena Baba kuti ndi akuba, ndinachititsa manyazi banja lathu pamaso pa apongozi a mkulu wanga Nesma, ndipo Nesmayo anandibuloka pafoni mpaka lero. Khalani bwino ndikuuzeni.

1

Mama ali ndi shuga. Kwathu kuno imeneyo si nkhani ayi, khomo lililonse lili ndi wake, uyu shuga, uyo kuthamanga kwa magazi, winayo zonse ziwiri. Azimayi akakumana pa mzere wa buledi amafunsana kuti "wanu wafika pati lero?" ngati zigoli za mpira.

Koma Mama anaponda kamsomali padenga pomwe timawetera nkhuku ndi abakha, osamva n'komwe. Anazindikira ataona magazi pa silipasi. Chilonda pansi pa chala chachikulu cha phazi lamanja. Sabata, sabata ziwiri, mwezi, chilonda chili phee osapola. Ndinawakoka mpaka kuchipatala chathu chaching'ono.

Adokotala ndi mayi wamfupi wosadziwa kumwetulira. Anayang'ana phazilo nthawi yaitali.

"Make Nesma, dzulo munadya chiyani?"

"Zambiri adokotala, Mulungu atamandike."

"Zambiri zake ziti?"

Ine pakamwa paja: "M'mawa buledi ndi tiyi. Masana makaroni ndi buledi. Madzulo buledi ndi tiyi, koma m'kapu ina kuti zisinthe."

Mama ananditsina pantchafu mpaka ndinalumpha.

"Shuga mu tiyimo masipuni angati?"

"Awiri," anatero Mama.

"Anayi," ndinatero ine, nditasendera kutali.

Adokotala anavula magalasi. "Tamverani mayi. Mapiritsi okha sangakwanitse. Chilonda chimafuna chakudya kuti chitseke. Buledi muchepetse, shuga mu tiyi musiye. Muzidya mazira, nyemba, masamba, nsomba mukaipeza. Shuga akapanda kutsika, chala ichi tidzadula. Sindikukuopsezani, ndikukuuzani."

Mama anaseka. "Adokotala, khadi la boma limatipatsa buledi, shuga, mafuta ndi makaroni. Zonse mwaletsazo ndiye zimene tili nazo. Nsombayo mundilembere papepalapo ndikaitenge kogulitsa mankhwala."

Ine ndinafa nacho chiseko. Adokotala ayi. Anatembenukira kwa ine.

"Nkhuku muli nazo?"

"Zisanu. Zoikira ndi zitatu, ziwirizo ndi mabwana, zimangodya."

"Mazira awiri tsiku lililonse akhale a mayi ako. Kuyambira lero ndiwe nesi wanga."

Abale inu!! Ine chikhalireni ndimafuna kudzakhala nesi. Ndinatuluka m'chipatalamo ndikuyenda ngati ndavala kale yunifolomu yoyera.

2

Baba ntchito yawo ya ku uvuni wa njerwa inatha chaka chatha. Pano amakaima pa mlatho m'mawa ndi fosholo kudikira wowatenga ganyu. Nyama kwathu tinaiona komaliza pa Idi, ndiponso inali yopatsidwa. Ndiye mazira awiri aja sanali masewera.

Ndisanapite kusukulu ndinkakwera padenga, kutola mazira, kuika awiri m'kambale kabuluu. "Mama, mankhwala anu awo!"

"Ndiwiritsa kukatentha mwanawe, m'mawa mapiritsi amandichititsa nseru."

Pobwera, kambale mbee.

"Mwadya?"

"Ndadya."

"Makoko ali kuti?"

"Ndasinjira nkhuku, zimawafuna kuti ziikire."

Ine kusangalala, kudzipatsa mamalikisi. Koma chilonda chinayamba fungo. Mama ankamwa madzi ngati ngamila, madiresi kuwakulira, ulusi kulephera kulowetsa pa singano, ati maso akuona utsiutsi. Titayezetsa shuga, makina anaonetsa 340. Ndinati iyayi, mazira awa pali amene akudya, koma si Mama.

Ndinakayikira Baba. Pepani, koma munthu wonyamula mchenga tsiku lonse njala yake ndi ina. Ndiye ndinapanga ukazitape kkkk. Ndili ndi utoto wa zikhadabo wapinki, wotuwa bwino, umene ndinabera Nesma asanakwatiwe. Kuyambira Loweruka ndinayamba kudonthetsa kadontho kakang'ono pansi pa dzira lililonse la Mama, osauza munthu. Madzulo ndinkafufuza jumbo ya chakudya ya Baba kufuna khoko lapinki. Masiku anayi, palibe. Wanzeru akanasiya. Ine Lachitatu ndinangophulika.

"Baba, mazira a Mama akukoma?"

Anali akuvula nsapato. Anaima. "Wati chiyani?"

"Munthu chala chikuwola, inu mukumubera mankhwala. Si kuba kumeneko?"

Sanandimenye. Bola akanandimenya. Anatenga jumbo ija n'kukhuthula patebulo. Theka la buledi, anyezi mmodzi wolumidwa, mchere wa m'kapepala.

"Fufuzani apolisi," anatero. "Ndinalumbira kuti dzira sindilikhudza mpaka phazi la mayi ako litapola. Ngakhale la pamsewu sindigula."

Anakwera padenga osamwa tiyi.

Mama anali pomwepo pamphasa, akusankha mpunga. Anamva zonse. Sanadzutse mutu, sananene ngakhale liwu limodzi. Chonde mukumbukire zimenezi.

3

Tsopano ndikuuzeni za Lachisanu, tsiku limene ndinkalikonda kuposa tsiku langa lobadwa.

Nesma anakwatiwa zaka ziwiri zapitazo, Baba akadali pantchito. Mwamuna wake ndi Ragab, mwana wa a Haja Fawzeya, a mudzi wa tsidya la ngalande, aja ali ndi butchala. Mukudziwa mmene zimakhalira, mwana wamkazi akakwatiwa mayi ake amatumiza dengu la nyengo kwa apongozi chikondwerero chilichonse, abakha, mpunga, batala, kuti aziti mkaziyu anachokera kwa anthu. Dengu likapepuka, amene amamva mawu ndi mwana wanuyo.

Mama anaonjeza zawo. Nesma atatenga pakati anayamba kutumiza kadengu kakang'ono Lachisanu lililonse. Poti iwo kuyenda kunkavuta, wonyamula ndinali ine. Ankakamanga ndi nsalu, mfundo yawo ija yosamasulika.

"Muli chiyani Mama?"

"Masamba ndi tizinthu ta achikulire. Osatsegula. Ndipo osagwedeza."

OSAGWEDEZA. Miyezi itatu akundiuza kuti osagwedeza, ine nesi wamkulu osaganiza kanthu kkkkk. Mu tukutuku, kagalimoto ka matayala atatu kaja, ndinkakafungata ngati khanda.

Ndikafika, Nesma ankalandira kadenguko pakhomo n'kulowa nako kukhitchini. Ine a Haja kunditsina tsaya. "Mwezi wanga watuluka! Khala apa pafupi ndi ine." Kenako thireyi. Mazira okazinga mu batala, onyezimira, nyama, madzi a mango ozizira. Ndinkadya mpaka kumasula lamba, sindinama. Sabata yonse buledi ndi tiyi, mukanatani inu?

"Umatha kuphika bakha, mwezi wanga?"

"Kwambiri a Haja!"

"Kukanda ufa?"

"Ndimakanda mpaka ufawo kupepesa!"

Iwo kuseka, ine kuseka. Ndinkati mayiwa amangondikonda.

Ndiye panali Karam, mng'ono wake wa Ragab. Zaka makumi atatu, dazi layamba, kamtengo kotokosera mano kosachoka pakamwa. Ankabwera kuchokera ku butchala ndi chiwindi cha m'pepala, n'kuima pakhomo kumangomwetulira. Ndinamupatsa dzina loti Bwana Chiwindi. Ndikamutsanzira, Nesma sankaseka.

"Usamuseke iwe. Ndi munthu wabwino."

Tsiku lina ndinakulunga kanyama m'kapepala kuti ndikapatse Mama. Nesma anandimenya dzanja.

"Wapenga? Ukufuna aziti kwathu kuli njala? Ndipo tamvera, za shuga wa Mama, za ntchito ya Baba, ukangotsegula pakamwa muno ndikufinya khosi."

Ndinabweza kanyamako m'mbale. Kenako ndinakadya ndekha. Eya, ndalemba, ndinakadya.

4

Lachisanu lotsatira tsiku ndinanyoza Baba lija linali la dengu lalikulu, la pakati pa mwezi wa Shaabani, Ramadani itayandikira. Mama anazinga abakha athu onse awiri. Ndinawapempha kuti asiyeko mwendo umodzi ndiwaphikire msuzi.

"Kuti a Haja afunse ngati bakhayu anagundidwa ndi tukutuku? Choka apa."

M'mawa umenewo ndinaona chala chija. Kunsonga kunali kutada ngati biringanya. Mama anavala sokosi msangamsanga.

"Tipite kuchipatala pompano Mama."

"Mawa. Lero pita kwa mkulu wako. Uvale diresi labuluu lija, ndipo mpango uusite. Bambo ako akuperekeza."

Baba? Kukasiya dengu? Anatuluka atavala mkanjo wawo wa pa Idi, atameta ndevu, osandiyang'ana. Ndinkati akadali okwiya za Lachitatu.

Kwa a Haja kunali anthu eti. Amuna anatengana ndi Baba kuchipinda cha alendo. Ife akazi kukhitchini, azakhali, apongozi ena, oyandikana nawo, kudzaza. Dengu la nyengo silibisidwa ngati kadengu kanga ka Lachisanu, limamasulidwa pamaso pa onse. A Haja anadula mfundo ya Mama ndi mpeni.

"Taonani abakha awa! Onona ngati ana a mfumu!" Akazi kuyamikira. Mpunga. Batala. Kenako anapisa dzanja m'madeya amene anali pansi, n'kutulutsa dzira. Analitembenuza, n'kuliyandikiza kumaso.

"Aaa, make Nesma ndi mkazi ndithu. Amakongoletsa ngakhale mazira!"

Kadontho kapinki.

Anatulutsa lina. Kadontho. Lina. Kadontho. Onse, sabata yathunthu ya mankhwala a Mama itagona m'madeya. Maso awo aja a utsiutsi sanaone timadontho tanga.

Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinaseka. Chiseko chinangotuluka chokha, chonyansa, chosaleka, chifukwa m'mutu mwanga munabwera mathireyi onse aja. Mazira onyezimira mu batala. Ine kusaka wakuba, koma miyezi itatu ndikumunyamulira ndekha katundu pa tukutuku, n'kukhala pansi kudya nawo, n'kupukuta mbale ndi buledi.

Nesma anandikoka dzanja mpaka pansi pa masitepe.

"Ukuchita chiyani iwe? Tseka pakamwa!"

"Amene aja ndi mazira a Mama. Adokotala anati..."

"Ndikudziwa zimene adokotala ananena."

Chiseko chinathera pomwepo. "Ukudziwa?"

"Ndikudziwa."

"Ukudziwa kuti chala chada?"

Anayang'ana kumbali, dzanja lili pamimba. "Ndine ndinawauza kuti kadengu kasamabwere kopepuka. A Haja amaona chilichonse."

"Nesma, nyumba ino ili ndi butchala! Mazira a wodwala mukuwafuniranji?"

"Si za mazira, chitsiru iwe! Ndi za iwe!"

Nthawi yomweyo kukhitchini kunalira nthungululu. Imodzi, kenako zonse pamodzi, mpaka mawindo kunjenjemera.

"Amaliza kuwerenga Fatiha, pemphero lomanga chinkhoswe," anatero Nesma motsitsa mawu. "Baba ndi amuna a nyumba ino. Ndiwe wa Karam. Ukangokwanitsa 18 ukulowa muno. A Haja satengera mwana wawo mkazi kunyumba ya njala kapena ya matenda, ndiye Mama anati asaone chilichonse mpaka zitatheka. Anati mmodzi akudya, winayo adyenso."

"Nanga sukulu?"

"Sukulu umadya?"

Mama ankadziwa. Nesma ankadziwa. Baba za mazira sankadziwa, koma mkanjo wa pa Idi uja anauvala akudziwa kumene akupita. Amene sankadziwa kanthu ndi nesi yekha.

5

Ndinabwerera kukhitchini. A Haja anatambasula manja. "Bwera mwezi wanga, bwera mkamwana wanga!"

Ndikanatha kungolira n'kuthawa ngati atsikana a m'mafilimu. Koma pakamwa paja.

"A Haja, Baba alibe ntchito, chatha chaka. Nyama kwathu tinadya pa Idi, yopatsidwa. Mama ali ndi shuga, chala chawo chikuwola muno tikuimba nthungululu, ndipo mazira awo mwanyamulawo adokotala anati ndi mankhwala awo. Amene munkandikazingira aja analinso awo. Abakha awa ndi omaliza. Ndipo Bwana Chiwindi sindikumufuna."

Zii. Ngakhale fuliji inaleka kulira, ndikulumbira.

"Bwana ndani?" anafunsa azakhali ena okalamba osamva bwino.

Karam anali pakhomo ndi pepala lake. Kamtengo kanagwa pakamwa kkkk. Pepa Karam, iwe sunandilakwire kwenikweni.

A Haja anatembenukira kwa Nesma, nkhope itasintha. "Mwatibisira matenda? Mwatidyetsa chakudya cha wodwala m'nyumba mwanga?"

Ine sindinadikire. Ndinavula mpango wosita uja, kuikamo mazira, kugwira bakha mmodzi pakhosi, ulendo. Tangoganizani mtsikana wa diresi labuluu, tsitsi pamtunda, bakha wosadzula bwino akulendewera, akuimitsa tukutuku. Woyendetsa anandifunsa ngati ndaba. Ndinati ayi, ndikubweza. Mazira atatu anasweka panjira.

6

Mama ndinawapeza pamphasa akuviika buledi mu tiyi. Ataona bakha ndi mpango anadziwa.

"Wachita chiyani, Basmala?"

"Mwandinamiza. Tsiku lililonse, ndadya, ndadya. Makoko ndasinjira nkhuku!"

"Ndakufunsa kuti wachita chiyani."

"Ndawauza zonse."

Anaika kapu pansi pang'onopang'ono. Ndinkayembekezera silipasi kuuluka. Sinauluke.

"Khala pansi. Yang'ana phazi ili. Mayi anga anadya buledi ndi tiyi, anafa osaona. Ine ndadya buledi ndi tiyi zaka makumi anayi, ndi izi. Iwe ukudya chiyani? Ukuganiza kuti shuga ameneyu akamaliza ine apita kwa ndani? Kwa Karam ukanadya nyama ndi masamba tsiku lililonse. Ana ako akanakula ndi mkaka. Chala n'chiyani?"

"Munandifunsa?"

"Ukanakana."

"Eya ndikanakana!"

"N'chifukwa chake sindinakufunse."

"Nanga Baba? Ndinawanena akuba inu muli pomwepa mukusankha mpunga!"

Pamenepo ndiye anangoyang'ana mu tiyi.

Ndinawavula sokosi mokakamiza. Fungo lake sindilemba. Kuda kuja kunali kutafika pa chala chachiwiri.

Baba analowa mkanjo uli fumbi lokhalokha, anabwera wapansi. Anaona mazira a timadontho pamphasa, anaona phazi, anaona Mama. "Sabah," anatero, dzina lawo lenileni, limene sindinawamvepo akuitana. Basi. Anawabereka kumsana n'kutsika nawo masitepe.

Kuchipatala chathu chaching'ono chija anatitumiza kuchipatala chachikulu. Patapita masiku awiri anadula zala ziwiri.

Titabwerera kukatsukitsa bala, adokotala amfupi aja anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Nesi wanga, unali kuti?"

Ndinawafunsa ngati mazira akanapulumutsa zalazo. Anati mazira okha mwina ayi, buledi ndi tiyi uja ndiye anachita zambiri. Kenako anati, "Koma mwina." Mwina ameneyo ndimayenda naye mpaka m'kalasi.

7

Fatiha ya chinkhoswe ija a kwa a Haja anaimasula pafoni, sabata isanathe. Nesma anabereka mwana wamwamuna, chithunzi ndinachionera pafoni ya msuweni. Ndimamva kuti kwa apongoziko Nesmayo amamutcha mwana wa kwa mazira, ndipo dengu la Ramadani silinapite, koyamba chikwatiwireni. Nthawi zina ndimamumvera chisoni. Kenako ndimakumbukira "ndikudziwa" uja wa pansi pa masitepe, chisoni n'kubwerera.

Baba ndinawapepesa. Anati zatha, koma mpaka pano amanditcha apolisi. Ine za mkanjo sanandipepese. Ndikudikira.

Mama ndiye sindikudziwa. Anthu a mumsewu mwathu agawikana, ena akuti ndine mwana wopanda ulemu amene anataya mwayi wa nyama, ena akuti Mama ndi mayi weniweni wodzipereka. Palibe amene akuti anandinamiza. Koma anandinamiza. Anandiyang'ana m'maso miyezi itatu, anandisiya ndinyoze bambo anga, anandituma ndinyamule ndekha mtengo wanga, anandisiya ndidye. Ndikudziwa kuti anachita chifukwa chondikonda ndi chifukwa cha njala. Ndikudziwa. Sindinawakhululukirebe, ndipo musandilembere kuti ndiwakhululukire.

Chimene ndikufuna kukuuzani inu owerenga ndi chaching'ono. Ngati kwanu kuli wodwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndipo chakudya n'chochepa, musamufunse kuti mwadya? Adzati ndadya. Makamaka akakhala mayi. Ali ndi malo chikwi kumene chakudya chawo chikufunika kuposa m'mimba mwawo, ndipo ena mwa malowo ndi inuyo.

Ine pano sindifunsa. Ndimawiritsa ndekha, kusenda ndekha, n'kukhala patsogolo pawo mpaka ameze. "Tsegulani pakamwa ndione." Amanditukwana kkkk. Dzulo anadya limodzi, linalo n'kundikankhira.

"Idya nawe, kapena ndikubweza kwa Bwana Chiwindi."

Ndinaseka, koma ndinawakankhiranso. Anadya.

Kenako ndimagwada n'kuwavula masokosi, monga anandiphunzitsira adokotala, kuyang'ana pansi pa phazi, pakati pa zala, ngati pali kachilonda katsopano. Ndipo ndimawerenga mokweza kuti amve. Amadana nazo kwambiri. Zala zilipo eyiti.

Mawa ndiwerenganso.